Madzi Akaphwa, Msodzi Amutchinjiriza Ndani?

Mawu a mlangizi wa za usodzi kwa makomiti a m'madooko

 

Nthawi zambiri tikakumana timakamba za maso a ukonde, malaisensi ndi nyengo yotseka nyanja. Lero tikamba za ngozi zogwa mwadzidzidzi, makamaka za miyezi yotsatira, pamene madzi aphwa, malole a thandizo ayamba kufika, ndipo atsogoleri akugamula kuti wolandira ndani, wosamuka ndani ndipo wobwerera pamalo ake ndani.

Ngozi imamumenya msodzi kawiri. Koyamba ndi madzi kapena mphepo, zimene zimagwetsa nyumba, kuphwanya mabwato ndi kukokolola thandala. Kachiwiri ndi nthawi yokonzanso zinthu: dzina lake likasowa m'kaundula, akauzidwa kuti asabwererenso padooko, kapena akapatsidwa zida zimene sangagwiritse ntchito. Namondwe palibe mfumu kapena phungu amene angamubweze. Koma kumenya kwachiwiriku kumachokera m'manja mwa anthu, ndipo n'kumene timayesera ngati mtsogoleri ali woona.

Ngozi sitikuzimvera pa wailesi pokha. Mu Januwale 2015 madzi anasefukira ndipo boma linalengeza kuti maboma 15 agweredwa ngozi, kuphatikizapo Mangochi, Salima, Karonga, Machinga ndi Zomba. Mu Malichi 2019 kunabwera namondwe wa Idai, mu 2022 Ana ndi Gombe. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anapha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000 ndipo oposa 600,000 anathawa m'nyumba zawo. Mu 2024 nyanja ya Malawi inakwera mpaka kulowa m'nyumba, m'minda ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi ndi madera ena a m'mbali mwa nyanja.

Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. N'chifukwa chake ndikufuna ndikutengeni kutali pang'ono, kwa asodzi anzathu a ku Asia, amene anagweredwa ngozi imodzi tsiku limodzi koma atsogoleri awo anayendetsa zinthu mosiyana.

Ngozi ya pa 26 Disembala 2004

M'mawa wa tsikuli kunachitika chivomerezi champhamvu pansi pa nyanja ya mchere ya India, pafupi ndi chilumba cha Sumatra m'dziko la Indonesia. Chivomerezichi chinautsa mafunde aakulu otchedwa tsunami, amene anakwera kumtunda ndi kusesa midzi. Anthu oposa 220,000 anafa m'maiko 14, ndipo mafundewo anafika ngakhale ku Somalia, Kenya ndi Tanzania. Malo amene anavutika koposa ndi chigawo cha Aceh ku Indonesia, kumene anthu oposa 160,000 anafa kapena kusowa, ndi dziko la Sri Lanka, kumene kunafa anthu oposa 30,000. Poti mafunde amayambira kugombe, oyamba kukhudzidwa anali asodzi ndi mabanja awo.

Dziko lonse lapansi linamva chisoni. Maboma, mabungwe ndi anthu wamba analonjeza ndalama zoposa madola 13 biliyoni a ku America. Choncho pa ngozi imeneyi ndalama sizinasowe. Chimene chinasiyanitsa mudzi wina ndi unzake ndi momwe atsogoleri anagwirira nkhani zitatu: malo, kaundula ndi zida.

Ku Sri Lanka: asodzi kumtunda, mahotela kugombe

Patangopita masabata ochepa, boma la mayi Chandrika Kumaratunga, amene anali mtsogoleri wa dzikolo, linalamula kuti pasapezeke womanganso nyumba pafupi ndi nyanja. Kummwera ndi kumadzulo malire anali mamita 100 kuchokera pamadzi, pamene kumpoto ndi kummawa anali mamita 200. Chifukwa chake chimamveka bwino: kuteteza miyoyo. Koma taganizirani lamulo lotere litagwa pa dooko lanu mawa m'mawa. Nyumba zambiri za asodzi, thandala, mauvuni ndi pokokera mabwato zili mkati mwa mamita amenewa.

Mabanja ambiri anakhala m'misasa miyezi yambiri kudikira malo atsopano. Ena anakawamangira nyumba makilomita angapo kumtunda, kutali ndi boti lawo. Msodzi amene amapita panyanja usiku ndi kubwera m'bandakucha anayamba kulipira mayendedwe tsiku ndi tsiku, kwinaku akuda nkhawa ndi injini ndi maukonde zimene wazisiya kugombe popanda mlonda. Pa nthawi yomweyo eni mahotela analoledwa kukonza malo awo pafupi ndi madzi. Ku Arugam Bay, kummawa kwa dzikolo, asodzi anadandaula kwambiri ataona mapulani osandutsa dera lawo kukhala malo okopa alendo.

Zinatheka bwanji? Taonani amene anakhala patebulo logamula. Mtsogoleri wa dziko anakhazikitsa komiti yoyang'anira ntchito yomanganso dziko yotchedwa TAFREN, ndipo ambiri mwa mamembala ake anali akuluakulu a makampani ndi mabanki. Asodzi, amene ndiwo anataya zambiri, analibe mpando. Munthu amene sanagonepo padooko sangadziwe kuti mamita 200 ndi ntchito yonse ya banja. Chifukwa cha madandaulo a anthu, boma linayamba kufewetsa lamuloli kumapeto kwa 2005, koma anthu anali atavutika kale pafupifupi chaka chathunthu.

Nkhani yachiwiri inali ya maboti. Mabungwe ambirimbiri anathamangira kugawa maboti, chifukwa boti limaoneka bwino pa chithunzi ndipo n'losavuta kulembapo dzina la wopereka. Bungwe lililonse linali ndi mndandanda wakewake. Mapeto ake maboti ang'onoang'ono amene anagawidwa m'madera ena anaposa amene anaonongeka. Anthu ena amene sanali asodzi n'komwe analandira, ena analandira kawiri, pamene asodzi enieni ena anatsala manja lende. Maboti ena anapangidwa mothamanga moti sanali oyenera kupita nawo panyanja. Bungwe la FAO linachenjeza kuti kuchulukitsa maboti kungathe kumaliza nsomba za pafupi ndi gombe.

Nkhani yachitatu inali ya ndale. Pa nthawiyo kumpoto ndi kummawa kwa Sri Lanka kunali gulu lankhondo la LTTE lomwe limalimbana ndi boma, ndipo ambiri mwa madera oonongeka kwambiri anali kumeneko. Mu Juni 2005 boma ndi gululi anasaina mgwirizano woti azigawa limodzi thandizo. Chipani china chimene chinali m'boma chinatuluka pokwiya ndi mgwirizanowu, ndipo mu Julayi khoti lalikulu linaimitsa mbali zake zofunika. Mgwirizano unafera pomwepo. M'boma la Hambantota kummwera, kwawo kwa nduna yaikulu ya nthawiyo, a Mahinda Rajapaksa, nyumba zomangidwa zinaposa zimene zimafunika, pamene ku Ampara kummawa, kumene kunafa anthu ochuluka, mabanja anali akadali m'misasa. Mu 2006 nkhondo inabukanso ndipo inatha mu 2009.

Ku Aceh: atsogoleri anamvera

Ku Aceh zinthu zinayamba zili zoipa kuposa ku Sri Lanka. Kunali nkhondo kuyambira 1976 pakati pa boma ndi gulu la GAM. Alendo akunja sankaloledwa kulowako mwachisawawa. Bwanamkubwa wa chigawocho, a Abdullah Puteh, anali m'manja mwa a malamulo pa mlandu wa katangale pamene mafunde amafika. Opereka thandizo anali ndi chifukwa chodera nkhawa ndalama zawo.

Mtsogoleri wa Indonesia pa nthawiyo, a Susilo Bambang Yudhoyono, anatsegula chigawocho kuti thandizo lilowe. Iwo ndi wachiwiri wawo, a Jusuf Kalla, anaona kuti simungamange nyumba mfuti zikulira, choncho analimbikira zokambirana ndi a GAM. Pa 15 Ogasiti 2005 mbali ziwirizi zinasaina pangano la mtendere mu mzinda wa Helsinki ku Finland, mothandizidwa ndi a Martti Ahtisaari, mtsogoleri wakale wa dzikolo. Mtenderewo ulipobe mpaka lero.

Mu Epulo 2005 boma linakhazikitsa bungwe limodzi loyang'anira ntchito yonse yomanganso, lotchedwa BRR, ndipo linasankha a Kuntoro Mangkusubroto kuti alitsogolere. Likulu lake analiika ku Banda Aceh, pamalo a ngozi penipeni, kuti wodandaula asachite kuyenda ulendo wopita ku Jakarta. Mabungwe opereka thandizo amayenera kulembetsa ntchito zawo kumeneko, ndipo kaundula wa ntchitozo anali poyera kuti aliyense aone. Mkati mwake munalinso nthambi yolandira madandaulo a katangale. Bungweli linapatsidwa zaka zinayi, ndipo pamene limatsekedwa mu Epulo 2009 nyumba pafupifupi 140,000 zinali zitamangidwa.

Pa nkhani ya malo, mapulani oyamba a boma anali oti anthu asamangenso pafupi ndi nyanja. Anthu anakana, ndipo atsogoleri analola kuti ofuna kubwerera m'midzi yawo abwerere. Vuto linali lakuti mapepala ambiri a malo anaonongeka ndi madzi ndipo zizindikiro za malire zinakokoloka. Njira imene anatsata ndi yoti otsala a m'mudzi akhale pansi, ajambule mapu a mudzi wawo, agwirizane kuti malo awa ndi a uje, awa ndi a ana amasiye a uje, kenako boma lidzatsimikize.

Chimene chikutikhudza kwambiri ife ndi ichi. Asodzi a ku Aceh ali ndi utsogoleri wawo wa makolo wotchedwa Panglima Laot, umene wakhalapo zaka mazana angapo. Dooko lililonse limasankha mkulu wake, amene amaweruza milandu ya panyanja ndi kusungitsa masiku osapita kukapha nsomba, monga Lachisanu. Ambiri mwa akuluakuluwa anafa pa ngoziyi, koma otsala anasankha ena mwamsanga. Mabungwe amene anagwira ntchito ndi iwo amatha kudziwa kuti msodzi weniweni ndani ndi kuti boti loyenera madzi akumeneko ndi lotani. Kumene mabungwe anawalambalala, maboti osayenera anawolera pamchenga. Lero asodzi a ku Aceh sapita panyanja pa 26 Disembala pokumbukira abale awo.

Si zonse zinayenda bwino. Nyumba zina zinamangidwa ndi matabwa osalimba moti zinachita kumangidwanso. Komanso poyamba thandizo la nyumba limaganizira kwambiri anthu amene anali ndi malo awoawo. Ochita lendi ndi okhala pa malo a eni anatsalira m'misasa. Mu 2006 anthu a m'misasa anakachita zionetsero pa ofesi ya BRR, ndipo kumayambiriro kwa 2007 ndondomeko inasinthidwa kuti nawonso apeze pokhala. Phunziro ndi lakuti mtsogoleri wabwino amalakwitsa ndithu, koma khomo lake limakhala lotsegula ndipo akauzidwa amakonza.

Nanga kwathu kuno?

Nyanja zathu n'zosiyana ndi nyanja ya mchere, koma mafunso atatu aja, a malo, kaundula ndi zida, ndi omwewo.

Malamulo tili nawo. Malamulo aakulu a dziko lino amanena kuti mphamvu za olamulira zimachokera kwa anthu, ndipo wolamulira amangosungitsidwa. Lamulo loyamba loona za ngozi linabwera mu 1991, madzi ndi miyala zitasesa midzi ku Phalombe. Freddy atadutsa, Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano mu 2023, ndipo lamuloli limapatsa boma mphamvu yolengeza kuti malo ena ndi oopsa ndi kusamutsa anthu okhalamo. Ntchito imeneyi imayendetsedwa ndi nthambi ya DoDMA pamodzi ndi makhonsolo ndi makomiti oona za ngozi m'midzi. Kusamutsa anthu pamalo oopsa ndi chinthu chabwino. Koma mwaona ku Sri Lanka chimene chimachitika ngati msodzi sanafunsidwe. Ndipo nonse mukudziwa kuti m'madera ena a m'mbali mwa nyanja yathu mipanda ya malo ogona alendo ndi nyumba za anthu olemera inatseka kale njira zopita kumadzi.

Za kusakaza ndalama za nthawi ya mavuto nazonso tinaziona. Mu 2021 kafukufuku wa ndalama zokwana K6.2 biliyoni zolimbana ndi matenda a Covid-19 anapeza kuti zina sizinayende bwino. Anthu ena anamangidwa, ndipo mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, anachotsa nduna imodzi paudindo. Zinadziwika chifukwa anthu anafunsa ndipo mabuku anatsegulidwa.

Tidziwenso kuti thandizo lakunja ndi mame, dzuwa likatuluka limauma. Mu 2025 boma la America linatseka bungwe lake la USAID, lomwe kwa zaka zambiri limathandiza ntchito za umoyo, ulimi ndi usodzi kuno. Thandizo likamachepa chonchi, thumba lililonse lofika liyenera kupita pakhomo loyenera.

Mwayi wathu ndi woti utsogoleri wa padooko tili nawo kale. Ku chilumba cha Mbenji ku Salima, mfumu Makanjira ndi anthu ake akhala akutseka ndi kutsegula usodzi kuyambira m'ma 1950. Ma BVC anayamba ku nyanja ya Malombe ndi kumtunda kwa Shire mu 1993 chambo chitasowa, anafika ku Chilwa nyanjayo itauma mu 1995, ndipo lamulo la za usodzi la 1997 limavomereza kuti anthu a m'madooko atenge nawo mbali posamala nsomba. Panglima Laot wathu ndi inu. Tsono ntchito zinayi izi tizigwire mvula isanagwe.

Choyamba: kaundula

Thandizo limatsata dzina lolembedwa. Dipatimenti imachita kalembera wa zida chaka ndi chaka, koma komiti ikhale ndi buku lakelake la anthu onse odya za padooko. Mwini chilimira salephera kulembedwa, pakuti aliyense amamudziwa. Amene amaiwalika ndi alovi, siginala, amayi a thandala ndi mauvuni, anyamata onyamula nsomba, okonza maboti, ndi asodzi obwera amene amakhala nafe miyezi ingapo akutsata usipa. Mlovi alibe boti loti alembetse kuti laonongeka, koma boti la abwana ake likaphwanyika ana ake ndiwo amagona ndi njala. Mayi amene madzi amutengera nsomba zouma wataya mpamba wake wonse, ndipo mwina mpambawo unali wa ngongole ya ku banki mkhonde.

Lembani dzina, mudzi, ntchito ndi katundu amene munthu ali naye. Bukulo liwerengedwe pagulu kuti osalembedwa adandaule lero. Likhale m'makope atatu: kwa mlembi wa komiti, kwa mfumu, ndi ku ofesi ya za usodzi, chifukwa madzi sasankha nyumba. Ndipo m'komiti ya za ngozi ya m'mudzi mukhale munthu wa BVC, kuti polemba zoonongeka asamawerenge chimanga ndi mbuzi zokha.

Chachiwiri: dooko

Mafumu athu, pano tikudalira inu. Yendani ndi komiti, akuluakulu a m'mudzi ndi amayi, muzindikire malire a dooko, pokokera mabwato, poyanika nsomba, potunga madzi ndi njira zonse zopita kunyanja. Jambulani mapu, musaine, ndipo kope lina likasungidwe ku khonsolo. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti a za malo m'midzi. Kumene alipo, gwirani nawo ntchito.

Boma likanena kuti malo ogona ndi oopsa, tisakane mwaliuma, pakuti moyo sugulidwa. Koma tifunse mafunso tisananyamule katundu. Malo atsopanowo ali mtunda wotani kuchokera kudooko? Madzi akumwa, sukulu ndi chipatala zilipo? Zida zathu zizisungidwa kuti? Malo amene tikusiyawo akhala a yani? Mayankho alembedwe pa pepala, ndipo palembedwe momveka kuti kusamutsa pogona sikulanda pogwirira ntchito. Mfumu imene igulitsa dooko anthu ake ali kumsasa yagulitsa mbale ya mudzi wonse.

Chachitatu: zida

Wopereka thandizo akafika, muuzeni chimene chikufunika asanagule. Boti la pa Chilwa si la pa Nkhata Bay, ndipo matabwa osauma sapirira mwera. Wotaya bwato limodzi abwezeredwe limodzi. Tikalola kuti ngozi ichulukitse maukonde kuposa kale, tidzakhala tachira ku madzi n'kudzidwalitsa njala ya nsomba, monga zinachitikira chambo cha ku Malombe. Ukonde woletsedwa ndi woletsedwa ngakhale utabwera ngati mphatso. Masikito amene amagawidwa kumisasa ndi oteteza ana ku malungo. Tikawasokerera ku khoka timapha ana a nsomba ndi kusiya ana athu akulumidwa ndi udzudzu.

Kumbukiraninso kuti si boti lokha limene limadzutsa dooko. Thandala, mauvuni osatha nkhuni, majekete oyandamitsa, mpamba wa amayi, mijigo ndi zimbudzi n'zofunika chimodzimodzi. Kolera ya mu 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, inavuta kwambiri m'madera a m'mbali mwa nyanja. Dooko lopanda chimbudzi madzi akasefukira limasanduka manda.

Chachinayi: kuwerengera poyera

Katundu akafika, gulu lidziwe kuti wachokera kuti, ndi wochuluka bwanji, ndipo ndi wa anthu angati. Maina aitanidwe masana, pabwalo. Thandizo la pa ngozi ndi laulere. Palibe woyenera kulipira kuti alembedwe, kuonetsa khadi la chipani, kugawana thumba lake ndi mfumu kapena wa komiti, kapena kugona ndi munthu kuti alandire. Amayi ndi atsikana, wina akakuuzani zotere wapalamula mlandu, kaya ndi wa boma, wa bungwe kapena wa komiti yathu yomwe. Kaneneni ku polisi, ku ofesi ya zosamalira anthu, kapena kwa mayi wa m'komiti amene mumamukhulupirira. Za ziphuphu kuli bungwe la ACB, ndipo za kuponderezedwa ndi ofesi ya boma kuli a Ombudsman. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, limakulolani kulembera khonsolo kufunsa momwe thandizo la dera lanu layendera. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Kwa atsogoleri athu

Ine ndine wantchito wa boma ndipo sindiima ndi chipani chilichonse. Zimene ndikunenazi zikukhudza aliyense amene ali pa mpando, lero kapena mawa. A phungu ndi a khansala, tikuthokoza mukabwera ndi matumba a ufa kumsasa. Koma chimene tikupempha koposa ndi choti mudzabwerenso patapita miyezi isanu ndi umodzi, atolankhani atachoka, mudzafunse kuti ndani akugonabe m'kalasi kapena mu tenti, ndani wabwerera panyanja, ndipo ndalama zimene zinalonjezedwa zafika pati. Mukakhala ku khonsolo kapena ku Nyumba ya Malamulo pokambirana za kusamutsa anthu, onetsetsani kuti msodzi ndi mayi wa thandala apatsidwa mpando patebulo. Musalole kuti dera lilandire zambiri chifukwa ndi kwawo kwa wamkulu wina, kapena lichepekedwe chifukwa cha momwe linavotera.

Ndipo inu a komiti, musaiwale kuti nanunso ndinu atsogoleri. Munthu wa padooko sakumana ndi nduna. Amakumana ndi wapampando, mlembi ndi msungichuma wa BVC. Ngati dzina la mlamu wanu amene alibe ngakhale mbedza lilowa m'kaundula wa maboti, mwachita zomwe zija tikudandaula kuti akuluakulu amachita. Wopereka thandizo akakugwirani bodza kamodzi, ulendo wina adzalambalala komiti, ndipo ovutika adzakhala anthu anu. Komiti imene imasankhidwa poyera, imachita misonkhano ndi kusunga mabuku ake bwino ndi imene a DC ndi mabungwe amaimvera pa tsiku la mavuto.

Pempho langa ndi loti komiti iliyonse ikhale pansi mwezi uno ndi mfumu yake, iyambe buku la maina ndi mapu a dooko, ndipo isankhe munthu woiimira ku komiti ya za ngozi. Ife alangizi tili okonzeka kubwera kudzathandiza kalembedwe kake. Mutu umodzi susenza denga.